Kodi Mlangizi Uja Anapita Kuti?

Mau amene mmodzi wa ife, yemwe anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.

 Ndithokoze komiti yathu pondipatsa mwayi umenewu. A mlembi anandilembera kuti ndilankhule za ntchito imene ndinaigwira kwa zaka zoposa 30, ndipo anatsindika kuti ndisapitirire mphindi 20. Zikuoneka kuti a mlembi sanakhalepo pa msonkhano wa mlangizi, komabe ndiyesetsa.

Ndikayang'ana m'holo muno ndikuona aphunzitsi, anamwino, maloya, abusa, a ku banki ndi amalonda. Alimi enieni ndi owerengeka. Komatu nkhaniyi ndi yanu nonse, pakuti palibe mmodzi wa ife amene alibe munda kumudzi, ngakhale amene akuulima ndi amayi, azakhali kapena mlamu. Okutobala akafika foni imalira, timatumiza ndalama za feteleza ndi mbewu. Febuluwale akafika foni yomweyo imaliranso, nkhokwe yatha. Timadandaula kuti anthu akumudzi sathokoza, kapena kuti fetelezayo anagulitsa. Koma ndi angati mwa ife amene anafunsapo kuti fetelezayo anathiridwa liti, anathiridwa motani, m'nthaka yotani, ndipo ndani anapita kukaona? Munthu amene ntchito yake ndi imeneyo ndiye mlangizi, ndipo m'midzi yambiri lero mukafunsa dzina lake anthu amayang'anana.

Ine ndimati mlangizi ali ngati nkhoswe. Ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Makoka ndi ku Lunyangwa kuli akatswiri ofufuza za mbewu, nthaka ndi tizilombo. Kumudzi kuli mlimi amene amaudziwa munda wake kuposa wina aliyense. Mbali ziwirizi sizikumana, ndiye pafunika wina wonyamula mau kupita nawo uku ndi uku. Nkhoswe yonyamula mau a mbali imodzi yokha imapasula banja, ndipo mbiri ya ulangizi kuno kwathu, ngakhalenso m'maiko ambiri osauka, yakhala yotero nthawi yaitali. Chitsanzo cha pamene zinayenda bwino ndi chimanga cha MH17 ndi MH18, chimene chinatuluka m'chaka cha 1990. Amayi anakhala akukana chimanga cha makono cha poyamba chifukwa chinali chofewa, chinkaphwanyika mu mtondo pokonola ndiponso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Anthu ena ankangoti alimi ndi osamva. Ofufuza atamvetsera dandaulolo n'kupanga chimanga cholimbirapo, alimi omwe aja anachilandira popanda wowakakamiza.

Kuti timvetse chifukwa chake mlimi amamuyang'ana mlangizi ndi diso lokayika, tiyenera kubwerera ku nthawi ya atsamunda. Lamulo la 1946 lokhudza zachilengedwe linabweretsa zimene makolo athu ankazitcha malimidwe. Aliyense anayenera kuunga mizere yopingasa, kumanga migula ndi kuzula mapesi a thonje pa nthawi yoikika. Wolephera ankalipitsidwa, mbewu zake nthawi zina ankazizula, ndipo ena ankalowa ndende. Kunena zoona, mizere yopingasa si yoipa, imagwiradi nthaka. Choipa chinali chakuti inafika ndi kapitao ndi mesenjala. Ku chigwa cha Shire mkanganowo unatchedwa nkhondo ya mitumbira, ndipo ku Ntcheu m'chaka cha 1953 Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe potsutsa chitaganya, boma n'kuichotsa pa mpando. Choncho mlangizi woyamba amene agogo athu anamudziwa anali wapolisi wa m'munda. Pamene ine ndinkayamba ntchito, nkhalamba zina zinali kundichitirabe ulemu wa mantha, kuvomera zonse ndi m'manja, ine ndikachoka n'kupitiriza monga kale.

Titalandira ufulu kukakamiza kuja kunachepa, koma panabwera vuto lina, losankha. Ndondomeko ya Achikumbe, imene inayamba m'chaka cha 1969, inkalemekeza alimi ochita bwino, ndipo Dr. Kamuzu Banda ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani. Ganizo lake linali lakuti ena akaona mnzao akukolola adzatengera. Koma mchikumbe anali munthu wa munda waukulu, ng'ombe, ngolo ndi aganyu. Mayi wamasiye wa ekala imodzi ankapita kukagwira ganyu m'munda wa mchikumbe yemweyo pa nthawi imene akanapalira wake. Akanatengera chiyani?

Kenaka inafika njira imene ambiri a msinkhu wanga tinagwiramo ntchito. Katswiri wina wa ku Israel, Daniel Benor, anakonza dongosolo lotchedwa Training and Visit, analiyesa poyamba ku Turkey, ndipo World Bank inalifalitsa ku India ndi ku maiko ena oposa 50 kuyambira m'ma 1970 mpaka kumapeto kwa ma 1990. Kuno kwathu linalowa m'chaka cha 1981 ndi dzina loti Block Extension System. Dziko linali litagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu za chitukuko cha ulimi, ma ADD, ndipo pansi pake panali ma EPA ndi masekishoni. Mlangizi aliyense ankagawa sekishoni yake m'mabuloko asanu ndi atatu, ndipo buloko iliyonse ankaiyendera kamodzi pa masabata awiri, tsiku lodziwika, pa munda wa chitsanzo wodziwika. Iyenso ankaphunzitsidwa kawirikawiri uthenga woti akanene.

Ndisabise, panali zabwino zake. Mlimi ankadziwa kuti Lachiwiri lakutilakuti alangizi abwera, ndipo wamkulu wa ntchito ankadziwa kumene angandipeze. Tinali ndi nyumba pa sekishoni pomwepo, tinkalira nawo maliro a m'mudzimo, ana athu ankaphunzira limodzi ndi ana a alimi. Ena mukukumbukira magalimoto achikasu aja obwera ndi kanema ndi zidole madzulo, magazini ya Za Achikumbi, ndi mapologalamu a zaulimi pa wailesi ya MBC. Koma dongosololi linali ndi matenda awiri. Loyamba, uthenga unkachokera kumwamba utamangidwa kale, ndipo unali umodzi, wa chimanga cha makono ndi feteleza, kaya uli ku dambo, kaya m'phiri, kaya ku mchenga wa kunyanja. Lachiwiri, linali lodula kwambiri. Malipiro, mafuta ndi maphunziro onse aja zinkayenda ndi ndalama za ngongole ya kunja, ndipo ngongoleyo itatha maboma anatsala ndi antchito ambiri opanda choyendera. Zimenezi sizinachitike kuno kokha. Maiko ambiri a mu Africa ndi Asia amene analandira njirayi anaisiya pa chifukwa chomwecho.

Pali chinthu china chimene anthu sakonda kuchitchula. Alimi ankabwera ku misonkhano yathu makamaka chifukwa cha ngongole. Kuti upeze feteleza wa ngongole unayenera kukhala mu kalabu, ndipo kalabu inkadutsa m'manja mwa mlangizi. Kabwezedwe kanali kapamwamba, koposa 90 pa 100 alionse zaka zambiri, koma njira zotolera ngongolezo sizinali zofatsa ayi, mbuzi ndi zitseko zinkanyamulidwa. Chilala cha 1991/92 chitagwa, kenaka ndale za referendamu ya 1993 zitalowapo, anthu analeka kubweza ndipo bungwe la ngongole la SACA linagwa. Makalabu anabalalika. Apo m'pamene zinaoneka poyera kuti alimi ambiri, makamaka osauka, sanali m'makalabumo n'komwe, ndiponso kuti amene analimo ankatsata thumba la feteleza, osati phunziro. Zaka zomwezo boma linali pa ndondomeko zochepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, kulemba antchito atsopano kunachepa, ndipo matenda a Edzi anatilanda anzathu ambiri a ntchito amene malo awo anakhala opanda munthu.

Tsono onani masamu ake. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Anthu anawirikiza, minda inagawidwagawidwa, koma alangizi sanawirikize. Malipoti a zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja a pakati pa 1,500 ndi 3,000 malingana ndi dera. Titenge mabanja 2,000. Munthu atamayendera mabanja asanu pa tsiku, osadwala, osapita ku maliro, osaitanidwa ku ofesi, angafunike masiku 400 kuti afike pa khomo lililonse kamodzi kokha. Nyengo ya dzinja, imene uphungu umafunika kwenikweni, ndi miyezi inayi kapena isanu basi. Ndipo sekishoni yoyandikana nayo ikakhala yopanda munthu, amamuuza kuti agwirizire zonse ziwiri.

Ndiye pali nkhani ya mayendedwe ndi nyumba, imene imamveka yaing'ono kwa munthu wokhala m'tauni. Zaka zanga zambiri ndinayenda pa njinga yakapalasa, ndipo m'dzinja, matope akagwira matayala, njinga ndiyo inkakwera ine. Amene anali ndi mwayi wa njinga yamoto ankatha miyezi osalandira mafuta. Nyumba zambiri za alangizi zinagumuka, kotero mnyamata kapena mtsikana wa dipuloma wochokera ku NRC amakachita lendi pa malo a malonda, makilomita ambiri kuchokera kwa alimi ake. Akakhala zaka ziwiri, bungwe lina lothandiza anthu limabwera ndi malipiro abwinopo ndi njinga yamoto yatsopano, iye n'kupita. Sindimuweruza, nayenso ali ndi abale ofuna fizi. Koma zotsatira zake n'zakuti boma limaphunzitsa, ena n'kumakolola, ndipo dera lakutali kwambiri, kumene kulibe magetsi ndi sukulu yabwino, ndilo limatsala lopanda mlangizi.

Ena a inu munganene kuti boma limaika ndalama zambiri ku ulimi. N'zoona. Atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Maputo m'chaka cha 2003 kuti aziika 10 pa 100 alionse a bajeti ku ulimi, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa amene akhala akufika pamenepo zaka zambiri. Funso ndi lakuti ndalamazo zimapita kuti. Kuchokera pa Starter Pack wa 1998, kudzera pa makuponi a FISP amene anayamba mu 2005 m'nthawi ya Dr. Bingu wa Mutharika, kufika pa AIP ya 2020, gawo lalikulu lakhala likupita ku feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, zaka zina koposa theka la ndalama zonse za unduna. Sindinabwere kudzanyoza makuponi, anapulumutsa mabanja ambiri ku njala. Koma zotsalira kafukufuku, ulangizi ndi ulimi wothirira zimakhala nyenyeswa. Tikugula mankhwala ambiri, sing'anga wonena kamwedwe kake osamulipira.

Kuonjezera apo, makuponi amadya nthawi ya mlangizi. Miyezi imene anayenera kukhala m'minda kuonetsa kakonzedwe ka mizere ndi manyowa, amakhala pansi pa mtengo ndi mafumu kulemba maina. Amene dzina lake silinatuluke amada mlangizi, ndipo chaka chimenecho sadzamveranso chilichonse chochokera pakamwa pake. Kale tinali okhometsa ngongole, kenaka tinasanduka alembi a makuponi, owerengera zokolola, ogawa chimanga cha chithandizo, ndipo alendo akabwera ndife osonkhanitsa anthu ndi kukonza mipando. Mnzanga wina ankati mlangizi ali ngati khasu la pakhomo, limalima, limakumba dzenje la zinyalala, limapha njoka, ndipo likaguluka palibe wolikhomera.

M'chaka cha 2000 boma linatulutsa mfundo zatsopano zonena kuti ulangizi usakhale wa boma lokha, ndiponso kuti uzitsata zimene alimi eni ake apempha. Pa pepala ndi mfundo zabwino kwambiri. Mabungwe, mipingo, makampani a mbewu ndi a fodya, ndi magulu a alimi monga NASFAM onse analowa m'munda. Komatu ophika akachuluka, mchere umathiridwa kawiri. Taganizani za mlimi mmodzi. Agogo ake anamangidwa chifukwa chosaunga mizere. Iye anaphunzitsidwa mizere yotalikirana masentimita 90, mbewu zitatu pa phando. Kumapeto kwa ma 1990 kunabwera njira ya Sasakawa, mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Asanazolowere, kwabwera a mtayakhasu, akuti osaunganso mizere, phimbirani nthaka ndi mapesi. Wina akuti kumbani mayenje. Wina akuti mapesi omwewo pangirani manyowa, wa ziweto akuti sungirani ng'ombe, pamene ana osaka mbewa awatentha kale. Njira iliyonse mwa izi ili ndi malo ake pamene imathandiza. Koma zikafika kwa munthu mmodzi, kuchokera kwa anthu asanu, aliyense ndi malaya a bungwe lake, mlimi amachita zanzeru: amapatsa bungwe lililonse kachigawo ka m'mbali mwa msewu koika chikwangwani, munda weniweni n'kulima monga ankalimira amayi ake.

Chinanso chimene chinabwera ndi mabungwe ndi chizolowezi cha alawansi. Msonkhano wopanda zakumwa ndi kandalama ka m'thumba masiku ano anthu sabwera, ndipo mlangizi wa boma amene amafika chimanjamanja amaoneka ngati wadya ndalamazo. Ntchito ya bungwe imatha zaka zitatu, chikwangwani n'kuchita dzimbiri. Za mfundo yoti alimi azipempha okha, ndingonena kuti munthu amapempha chimene akuchidziwa. Mukafunsa gulu la alimi chimene akufuna, yankho ndi feteleza. Palibe amene adzapemphe kuti nthaka yake iyezedwe ngati sanamvepo kuti nthaka imatha kuwawasa mpaka feteleza osagwira bwino ntchito.

Ndilankhuleko za amayi, poti achemwali muli ambiri muno. Ntchito yaikulu ya m'munda wa chakudya imagwiridwa ndi amayi, aliyense akudziwa. Koma kwa zaka zambiri alangizi a mbewu tinali amuna, ndipo alangizi aakazi ankapatsidwa zophunzitsa kuphika, kusoka ndi kusamala pakhomo. Bambo ankapita ku msonkhano, mayi ali kumunda, ndipo uthenga unkathera pa bawo. Mwamuna wachilendo kukaima m'munda ndi mkazi wa mwini ndi nkhani ina m'mudzi. Zinthu zasinthako, atsikana ambiri tsopano akuphunzira ulimi ku LUANAR, koma msonkhano ukaitanidwa nthawi imene mayi ali ku chigayo, ku mjigo kapena ku sikelo, ndiye kuti sitinamuitane.

Pamene ulangizi ukufooka, mafunso a mlimi akukulirakulira. Mbozi yachilendo yodya chimanga, yochokera ku America, inaoneka mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma lathu linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi. Alimi ankaisokoneza ndi kapuchi kapena ntchemberezandonda imene ankaidziwa kale. Ena anathira dothi, phulusa kapena sopo wa ufa pa nsonga ya chimanga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere, ndipo ambiri anathamangira kwa wogulitsa mankhwala pa msika. Wogulitsa uja ndiye wasanduka mlangizi wa midzi yambiri, chonsecho cholinga chake ndi chakuti botolo lichoke pa shelefu. Mankhwala opungulira m'timabotolo topanda malangizo, opopera masana dzuwa lili pamutu, mbozi itabisala, munthu wopanda chodzitetezera: ndalama zapita, mbozi ili moyo, wodwala ndi mlimi. Ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay matenda a chisaka anatha nthochi. Uphungu wake ndi wowawa, kuzula nthochi zonse zodwala ndi kubzala mbewu yoyera, ndipo umagwira ntchito pokhapokha mudzi wonse utachitira limodzi. Mau otere mlimi angawalandire kwa munthu amene amamudziwa ndi kumukhulupirira, osati kwa mlendo wobwera pa galimoto kamodzi. Onjezanipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024, muona kuti kalendala ya ulimi imene tinaloweza m'kalasi siikukwaniranso.

Maiko ena ayesa njira zao. Uganda inakhazikitsa NAADS m'chaka cha 2001, kuti magulu a alimi azilemba okha alangizi oima paokha ndi ndalama za boma. Posakhalitsa ntchitoyo inapendekera ku kugawa mbewu ndi ziweto, madandaulo a katangale anachuluka, ndipo mu 2014 Pulezidenti Yoweri Museveni anapereka ntchito yogawayo kwa asilikali. Ethiopia inatenga njira yosiyana. Inaphunzitsa achinyamata ambirimbiri, n'cholinga choika alangizi atatu pa dera lililonse laling'ono, wa mbewu, wa ziweto ndi wa zachilengedwe, ndipo pofika cha m'ma 2010 anali oposa 45,000. Zokolola za kumeneko zinakwera, ngakhale kuti nawonso akhala akudandaula kuti alangizi amatumidwa ntchito zina zambiri za boma. Ku Indonesia, m'chaka cha 1989, bungwe la FAO linathandiza kuyambitsa sukulu za alimi za m'munda, mmene alimi a mpunga ankakumana sabata iliyonse kuyang'ana okha tizilombo ndi kuyesa njira ziwiri moyandikana. Mwa zonse zimene ndinaziona, njira imeneyi ndi imene ndimaikonda, chifukwa mlimi amakhulupirira maso ake. Vuto lake n'lakuti gulu limodzi limatenga anthu 25 kapena 30 okha kwa nyengo yathunthu.

Kuno kwathu, pofuna kutseka mpata, tinadalira alimi otsogola, anthu odzipereka amene amaphunzitsidwa kuti akaphunzitse anzao. Akatswiri awiri, Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, anachita kafukufuku m'midzi ya ku Malawi kuno, amene anasindikizidwa mu 2019, poyerekeza alangizi a boma, alimi otsogola ndi alimi wamba pofalitsa ulimi wa mayenje ndi manyowa. Anapeza kuti alimi wamba, ofanana ndi anzao pa kukula kwa munda ndi pa umphawi, ndiwo ankakopa anthu kwambiri, koma pokhapokha atalonjezedwa kamphatso kakang'ono ntchito ikaoneka. Popanda kamphatsoko sankadzivutitsa n'komwe. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene tinaziona pa Achikumbe, ndipo zikutikumbutsanso kuti munthu wosauka sangasiye munda wake n'kumayenda m'minda ya eni kwaulere chaka ndi chaka.

Achinyamata muli kumbuyoko mukuti nanga foni. Inde, foni ndi wailesi zathandiza. Mlimi angathe kuimba kufunsa, kumva mitengo ya pa msika ndi za nyengo, ndipo mabungwe monga Farm Radio Trust agwira ntchito yotamandika. Mlangizi wa lero angathe kujambula tsamba lodwala n'kutumiza pa WhatsApp kwa katswiri, yankho n'kubwera tsiku lomwelo, pamene ife tinkalikulunga m'nyuzipepala kudikira galimoto. Koma foni ya pakhomo nthawi zambiri imakhala m'thumba mwa bambo, ndipo siingafukule nthaka kuona ngati pansi pali chidindo cholimba chimene khasu lachipanga polima malo amodzi zaka 30. Chimanga chachikasu chingakhale cha njala ya feteleza, cha kaufiti, cha madzi ochuluka kapena cha matenda, ndipo kuti usiyanitse uyenera kuimapo.

Tsopano ndibwere kwa ife eni. Tonse tikukumbukira kuti m'masiku athu, m'sukulu zambiri, wochedwa kapena wosokosa ankapatsidwa khasu. Tinaphunzira ulimi kuti tikhoze mayeso a JCE ndi MSCE, koma mumtima tinaphunzira kuti khasu ndi chilango, ndipo kuti sukulu ndi njira yothawira kumunda. Mwana wanu atakuuzani lero kuti akufuna kukhala mlangizi kumudzi, ndi angati mungasangalale? Ndipo tikapita kwathu pa Khirisimasi, ndi angati timafunsa kumene mlangizi wa dera lathu amakhala? Ena muno mumakhala pa mipando imene imagawa ndalama za boma ndi za makhonsolo. Mukamaona mzere wa mafuta ndi nyumba za alangizi, musamauyese woyamba kudula. Enafe amene timangotumiza feteleza, tisanatumize chaka chino tipeze nambala ya mlangizi wa kwathu, timuimbire, timupemphe akaone munda wa amayi. Ngati avutika mayendedwe, mtengo wa malita awiri a petulo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi thumba limodzi la Urea lothiridwa mochedwa.

Ku bungwe lathu ndabweretsa mapempho awiri. Loyamba likukhudza munda wa sukulu uli kuseri kwa mahositelowo, umene ndauyendera m'mawa uno pamodzi ndi aphunzitsi a zaulimi. Ndikupempha kuti titengepo ekala imodzi ikhale munda wa chitsanzo wa midzi yozungulira sukulu ino. Tiugawe m'zigawo zoyandikana, china cholima monga amalimira anthu kuno, china cha Sasakawa, china cha chimanga chosakaniza ndi nandolo, china cha manyowa ndi feteleza wochepa, ndipo ophunzira azilemba ndalama ndi masiku a ntchito zimene zalowa m'chigawo chilichonse ndi kuyeza zokolola pa sikelo. Mlangizi wa dera lino aziyang'anira, ife tizimupatsa mafuta, ndipo makolo aziitanidwa katatu pa nyengo, pobzala, chimanga chikamamasula ndi pokolola, masana osati m'mawa, kuti amayi athe kubwera. Pasapezeke mwana wotumidwa m'munda umenewu ngati chilango. Lachiwiri, pa ophunzira amene thumba lathu limawalipirira, malo amodzi chaka chilichonse asungidwire mwana wofuna kukaphunzira ulangizi wa zaulimi, ndipo atsikana alimbikitsidwe kupempha.

Ndalemba mapemphowa pamodzi ndi mtengo wa mbewu, feteleza ndi mafuta, ndipo pepalalo lili ndi a msungichuma. Ngati tigwirizana masana ano, nthaka iyenera kutengedwa kukayezedwa mwezi wamawa, ndipo munda ukhale utakonzedwa Okutobala asanathe. Ine ndikudzipereka kubwera kudzayeza zigawo ndi ana a Fomu 3, chingwe ndi zikhomo ndili nazo kale.

A Wapampando, ndaona a mlembi akuyang'ana wotchi kachitatu.